Chithunzi chomwe ine sindikuonekamo

Usiku womwe tinayamba kusankha zithunzi, magetsi anali atathima kuyambira masana. Ndinali ku Area 25 ku Lilongwe, nditakhala pamkeka ndi kandulo, foni yatsala pang'ono kuzima. Amuna anga anali pa video call kuchokera ku Manchester, atangoweruka kuchipatala komwe amagwira ntchito ya unamwino. Munali mu Juni 2024. Tinapangana kuti aliyense afufuze mufoni mwake zithunzi zonse zomwe tikuonekapo awiri, kuyambira pomwe tinadziwana mu Disembala 2018, zoti tikaonetse popempha viza yoti ndikakhale nawo ku Britain.

Foni yanga inali yodzaza. Munali zithunzi za kwaya yathu, za ana a achemwali, za nsalu zomwe ndinkagulitsa, za ndiwo zomwe ndinkawatumizira kuti aone zomwe ndaphika. Koma kupatula za tsiku la ukwati, zithunzi zomwe tili awiriwiri, nkhope zikuoneka bwino, sizinakwane khumi. Mufoni mwawo munalinso zomwezo. Titadula foni ndinalira. Ukwati wanga sindinkaukayikira ngakhale pang'ono. Chinandiopsa n'chakuti munthu yemwe sanandionepo, atakhala pakompyuta kutali, adzayang'ana zomwe ndatumiza n'kugamula ngati ine ndi bambowa tili banja, pomwe ine ndinalibe chomuonetsa.

Malamulo a dziko la Britain okhudza munthu wotsatira mwamuna kapena mkazi wake ali m'gawo lotchedwa Appendix FM, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2012. Zambiri zomwe amafuna n'za manambala. Wokuitanayo azilandira ndalama zosachepera £29,000 pachaka. Malirewa anali £18,600 mpaka pomwe anawakweza pa 11 Epulo 2024, ndipo ife tinkathamangira kupempha tsikulo lisanafike, koma maliro omwe ndiwatchule kutsogoloku anatidyera zomwe tinasunga. Pamafunika mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a kubanki ndi kalata ya abwana. Wopemphawe ukalembe mayeso a Chingelezi, chifukwa Malawi sali pamndandanda wa mayiko omwe anthu ake safunsidwa mayesowa, ngakhale kuti enafe tinaphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 5. Ukayezetse TB kuchipatala chomwe iwo anavomereza, ndipo pepala lake limatha mphamvu pakadutsa miyezi 6. Fomu yokha chaka chimenecho inali £1,846, kuwonjezerapo £3,105 ya zaumoyo, kwacha itangogwetsedwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zonsezi n'zowawa, komabe umadziwa pomwe waima: wakwanitsa kapena sunakwanitse.

Chotsalacho ndiye chilibe nambala. Amati usonyeze kuti banja lanu ndi lenileni ndiponso kuti likadalipo. Setifiketi ya ukwati imanena za tsiku lomwe munakwatirana, sinena za lero. Tsamba la pa intaneti la boma la Britain limanena mosapsatira kuti umboni wamphamvu ndi mapepala ochokera kuboma, kubanki, kwa alandilodi, kwa ogulitsa magetsi ndi madzi kapena kwa dokotala, osonyeza kuti mumakhala nyumba imodzi kapena mumasenzera limodzi za ndalama. Zithunzi, makadi ndi mauthenga a pafoni amaziyesa umboni wopepuka. Nditawerenga zimenezi ndinayang'ana nyumba yomwe ndinkakhala. Lendi ndinkapereka pamanja, alandilodi n'kulemba m'kope lawo. Mita ya magetsi inali m'dzina lawo, mayunitsi ndinkagula pafoni. Ine ndi amuna anga tinali tisanakhalepo nyumba imodzi kupitirira milungu inayi yotsatizana. Kwa banja lotere, malamulo omwewo amalola kusonyeza kuti mumalankhulana kawirikawiri, mumathandizana ndalama ndiponso mumayenderana. Choncho zithunzi zopepukazo sitikanazisiya.

Nanga zinachepa bwanji? Funso limeneli ndinayenda nalo masiku angapo. Kwathu ku Dedza mwamuna ndi mkazi wake sakhala phewa ndi phewa pagulu. Pachikwati abambo amakhala uko, amayi kuno, ndipo kutchalitchi kumudzi n'chimodzimodzi. Bambo ndi mayi anga anakhala m'banja zaka zoposa 40, koma chithunzi chawo chili awiri n'chimodzi chokha, cha kustudiyo: bambo ali pampando, mayi aima kumbuyo, osakhudzana. Palibe m'mudzi monse yemwe anakayikirapo banja limenelo. Ife tinakulira m'tauni, komabe manyazi amenewo tinayamwira. Amuna anga akabwera kutchuthi masiku ankathera kuzungulira kwa abale, ndipo wojambula nthawi zambiri ankakhala mmodzi wa ife. Ine ndinkawajambula ali pakhonde ndi azibambo, iwo n'kundijambula ndili pamoto ndi azimayi.

M'gulu lina la pa WhatsApp la amayi odikira viza, malangizo anali mbwee. Wina anandiuza kuti, "Sisi, akadzabweranso mupite kustudiyo ndi zovala zingapo, muzikasintha, zioneke ngati masiku osiyana." Wina anati azungu amafuna kuona mutakumbatirana. Amayiwa sindiwaweruza, mantha awo ndi omwe ndinali nawo ine. Koma choyambacho ndi bodza, ndipo bodza likagwidwa pafomu ya viza silithera pa kukanidwa kamodzi kokha, limakutsata m'mapempho am'tsogolo. Silivutanso kugwira: tsitsi lomwelo, ndolo zomwezo, kuwala komweko, zovala zokha n'zomwe zasintha. Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi ganizo lakuti banja lomwe amalume anga analilandira, mpingo n'kulidalitsa, ndiliveke zovala zobwereka kuti mlendo alikhulupirire.

Njira inachokera kwa amuna anga. Anati, "Amayi, tisayambire pa zithunzi. Tiyambire pa pasipoti." Anajambula masamba onse omwe ali ndi zidindo za pabwalo la ndege la Kamuzu, n'kufufuza mu imelo matikiti akale, ena odzera ku Addis Ababa, ena ku Nairobi. Anapezeka maulendo asanu: Disembala 2018, Disembala 2019, Ogasiti 2022, Ogasiti 2023 ndi Febuluwale 2024. Ndinawalemba papepala la m'kope, mzere uliwonse ulendo wake, ndipo pansi pa ulendo uliwonse ndinayamba kuika zithunzi ziwiri, zitatu kapena zinayi zojambulidwa m'masiku omwewo. Apa ndi pomwe mtima unayamba kukhala pansi. Chithunzi pachokha chikhoza kukhala cha tsiku lina lililonse. Chikatsamira pa chidindo, pa tikiti, pa risiti ya malo ogona ku Senga Bay, chimasanduka mboni yogwirizana ndi mboni zinzake. Pambali pake tinaika sitetimenti ya ndalama zomwe ankanditumizira mwezi ndi mwezi kudzera pa Mukuru.

Tsiku la chithunzi linali vuto lina. Foni ikajambula imasunga tsiku ndi nthawi mkati mwa chithunzicho, koma chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa kuti chichepe ndipo tsikulo limafufutika. Chomwe umaona ndi tsiku lomwe unachilandira. Ukafuna chifike chathunthu, wotumizayo achitumize ngati document. Foni yanga ya 2019 inabedwa m'minibasi pamodzi ndi zonse za kunyanja, ndipo anatipulumutsa ndi alamu anga omwe foni yawo inkasunga yokha zithunzi ku Google Photos. Cha tsiku lomwe tinadziwana tinachipeza pa Facebook ya msuweni wanga yemwe ankakwatiwa tsikulo. Ndi chithunzi cha gulu: ine ndili kumapeto kuno m'chitenje cha yunifomu, iwo ali kumapeto uko m'suti yotuwa, pakati pathu pali anthu oposa khumi. Tinali titalankhulana kamodzi kokha, pamzere wa chakudya. Tinachiika choyamba.

Pakati pa Januwale 2020 ndi Ogasiti 2022 panalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kagawo kameneka kankandisowetsa tulo, mpaka ndinazindikira kuti sikofunika kukabisa, n'kofunika kukafotokoza. Inali nthawi ya Covid-19. Amuna anga anali m'mawodi, tchuthi chosapezeka. Kuyambira Januwale mpaka Okutobala 2021 Malawi anali pamndandanda wofiira wa Britain, wa mayiko omwe ankaopedwa pa nthendayi, ndipo kwa nthawi yaitali wobwerera kuchokera kuno ankayenera kukabindikira kuhotela yolipira yekha. Atatichotsa, amuna anga anagula tikiti ya Disembala, koma kumapeto kwa Novembala kunatuluka mtundu watsopano wa Covid-19 wotchedwa Omicron, Malawi n'kubwezeredwa pamndandanda pamodzi ndi Zambia, Mozambique ndi Angola. Pomwe ankatichotsanso pa 15 Disembala n'kuti tikiti atabweza kale, tchuthi atapatsa mnzawo. Zonsezi tinazilemba m'ndime imodzi ya kalata yathu, n'kuikapo imelo ya tikiti yobwezedwayo ndi zithunzi zitatu za video call, iwo nkhope ili ndi mikwingwirima ya masiki, ine ndili pakabokosi kakang'ono pakona.

Za mauthenga ndinene mwachidule, ngakhale zinandikhudza. Pepala lililonse lomwe silili m'Chingelezi kapena m'Chiwelishi liyenera kupita ndi kumasulira kwake, womasulirayo atalemba dzina lake, tsiku, mmene angapezekere ndi mawu otsimikiza kuti wamasulira moona. Ife timacheza m'Chichewa. Tinasankha masamba ochepa a chaka chilichonse, makamaka osonyeza masiku ndi kutalika kwa mafoni, n'kupereka kwa womasulira. Atabweza ndinaona kuti funso lomwe amuna anga amandifunsa usiku uliwonse, lakuti "Mwadya?", m'Chingelezi langokhala funso la chakudya. Womasulirayo sanalakwitse. Kungoti zomwe mawu amenewo amanyamula kwa ife sizinawoloke nawo.

Kumeneko n'komwe ndinaphunzira kulemba mawu a pansi pa zithunzi. Poyamba ndinkangolemba tsiku ndi malo. Kenako ndinayang'ana zithunzi za chinkhoswe chathu cha mu Ogasiti 2022 ndi maso a munthu yemwe sanapondepo ku Dedza. Pachithunzi china pali atsikana atatu ofundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, ndipo mmodzi mwa iwo ndine. Pachina pali azibambo awiri achikulire akupatsana nkhuku, wina tambala, wina thadzi. Pachina amuna anga anjuta patali ndi mayi anga, maso ali pansi, ngati anthu osadziwana kapena okwiyirana. Kwa ife zithunzi zimenezi n'zolemera kuposa za keke ndi velo za mu 2023. Tsiku limenelo ndi pomwe mabanja awiri anamangana, ndi pomwe tinapatsidwa ankhoswe oti tizikadandaulako zikavuta. Koma mlendo angaonepo chiyani? Nkhuku ndi nsalu.

Ndiye pansi pa chilichonse ndinalemba m'Chingelezi chosavuta, mizere iwiri kapena itatu: tsiku, malo, ndani ali kumanzere, ndani ali kumanja, ubale wawo ndi ife, ndi zomwe zikuchitika. Ndinafotokoza kuti azibambo awiriwo ndi amalume a mbali zonse ziwiri, ndipo kusinthana nkhuku ndi chizindikiro chakuti mabanja avomerezana. Ndinafotokoza kuti kwathu mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi, ndipo kukhala patali koteroko ndi ulemu. Sindinakometsere, sindinapepese. Chilamulo cha Malawi cha maukwati cha 2015 chimazindikira ukwati wa mwambo pamodzi ndi wa kutchalitchi ndi wa kwa DC, choncho panalibe chifukwa chochitira manyazi ndi nkhuku zathu.

Chinatsala chithunzi chimodzi, ndipo chinanditengera mlungu wathunthu.

Bambo anga anamwalira Lachiwiri lina mu Febuluwale 2024 kuchipatala ku Lilongwe. Ndinaimbira amuna anga mbandakucha, mawu osatuluka bwino. Sanafunse zambiri. Anasinthana mashifiti ndi anzawo, anatenga ndalama zomwe tinkasungira viza, Lachinayi masana anatera pa Kamuzu ndi kachikwama kamodzi, ndipo usiku womwewo anali pamoto ndi azibambo kumudzi. Tinaika maliro Lachisanu. M'masiku asanu omwe anakhala, ine ndi iwo tinalankhulana mwina katatu, mwachidule, kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali m'nyumba ya siwa ndi mayi. Pamaliro palibe amene amaganiza zojambula mwamuna ndi mkazi wake.

Koma mphwanga wina anajambula azibambo m'mawa wa tsiku loika, kuti atumizire achimwene omwe ali ku Johannesburg ndipo analephera kubwera. Chithunzicho n'chosawala bwino, utsi wa moto wa usiku ukadali m'mwamba. Azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango, ena pamipando ya kusukulu, ena panjerwa. Kumanzere kwenikweni, pafupi kudulidwa, kuli amuna anga. Avala jekete la amalume lowakulira m'mapewa, nsapato zafiira ndi dothi, m'manja muli kope lomwe ankalembamo chipepeso. Anawapatsa ntchito imeneyo chifukwa ndi mkamwini wa pakhomo, ndipo ndalama za pamaliro sapatsa mlendo kuti azisunge. Ine mulibemo m'chithunzimo.

Mwa zonse zomwe tinali nazo, chimenechi n'chomwe chinkanena zoona zonse za banja lathu. Munthu wa ukwati wa papepala sauluka usiku wonse kudzakhala panjerwa. Komabe mtima unkakana. Maliro a bambo anga asanduke umboni wa pafomu? Ndinkaona ngati ndikugulitsa misozi ya mayi. Amuna anga anati iwo sanenapo kanthu, mwini nkhani ndi mayi.

Ndinakwera basi Loweruka kupita kumudzi. Ndinawapeza akusankha nyemba palichero, akadali m'zakuda. Ndinawaonetsa chithunzicho pafoni, n'kufotokoza zonse, kuti chikaonedwa ndi anthu a boma la kunja omwe sitidzawadziwa, ndi kuti akakana sindichitumiza. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala mmene adzukulu awo anawaphunzitsira. Sankayang'ana mkamwini wawo. Ankayang'ana mpando wa bambo, womwe unkaoneka pakhonde kumbuyo kwa azibambowo, wopanda munthu. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti, "Tumiza, mwanawe. Bambo ako ndi amene anamulandira mwamunayu pakhomo pano. Akanakhalapo akanakamuchitira umboni okha."

Pansi pake ndinalemba tsiku, dzina la mudzi, kuti awa ndi maliro a bambo anga, kuti mwamuna wanga ndi wa kumanzere wanyamula kope, ndi kuti ine sindikuoneka chifukwa pamwambo wathu akazi ofedwa amakhala m'nyumba pomwe amuna ali panja. Tsamba lotsatira tinaika chidindo cha pasipoti cha Lachinayi lija, tikiti yogulidwa Lachitatu, ndi setifiketi ya imfa.

Zonse pamodzi zinakwana zithunzi 18, ziwiri patsamba lililonse, zosanjidwa kuyambira 2018 kutsika m'munsi. Za ukwati wa kutchalitchi tinali nazo mazanamazana kuchokera kwa wojambula, koma tinatengapo zitatu zokha: posaina m'kaundula, pomwe tili ndi makolo a mbali zonse, ndi chimodzi cha perekaniperekani pomwe anthu akuoneka unyinji wawo. Kuunjika zithunzi makumi asanu za tsiku limodzi sikuonjezera kanthu, ndi tsiku limodzi lomwelo. Zakuchipinda ndi zina zathu zachinsinsi sitinaikemo, ndipo palibe lamulo lomwe limazifuna. Mnyamata wa pa intaneti kafe anandithandiza kuziphatikiza mu PDF imodzi yosalemera, ine nditaima pambali pake mpaka anafufuta zonse pakompyuta yake. Amuna anga anaiwerenga kawiri, akufananiza tsiku lililonse ndi zomwe tinalemba pafomu, n'kupeza kuti chinkhoswe ndinachilemba pa 20 pomwe chinali pa 27. Tinakonza, n'kutumiza. Patapita masiku ndinakadinda zala ndi kujambulitsa nkhope kuofesi ya viza ku Lilongwe.

Yankho linabwera pa imelo patadutsa milungu ingapo, mizere yochepa chabe. Anandipatsa viza ya miyezi 33. Kalatayo sinanene kuti n'chiyani chinawakhutiritsa, kaya ndi mapepala a malipiro, kaya zidindo, kaya munthuyo anafika n'komwe patsamba la maliro. Ikamadzatha miyeziyi tidzapemphanso ina 30, ndipo ulendo umenewo adzafuna mapepala a nyumba ino. N'chifukwa chake mlungu womwe ndinafika ku Manchester tinalembetsa dzina langa pa lendi, pa msonkho wa khonsolo (council tax) ndi pa magetsi, ndipo kalata iliyonse yobwera ndi mayina athu awiri imalowa m'bokosi la nsapato pansi pa bedi.

Ndisananyamuke ndinapita kukatsazika kumudzi. Ndinali nditatsukitsa chithunzi cha maliro chija ku Area 25, chachikulu ngati tsamba la kope, n'kuchiika m'felemu. Mayi anachilandira ndi manja awiri, analowa nacho m'nyumba, n'kuchikoloweka pamsomali womwewo pomwe pali chawo cha kustudiyo chija. Atatuluka anandifunsa ngati kumeneko ufa umapezeka, n'kuyamba kundipimira nyemba m'thumba.